Buku la Nyimbo za Limba la ku Buxheim: Ndemanga pa Zithunzi Zimene Laibulale ya ku Munich Inaika pa Intaneti

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikutsegula pafupifupi madzulo alionse zithunzi za buku limodzi lakale lolembedwa pamanja, limene laibulale yaikulu ya boma la Bavaria mumzinda wa Munich, yotchedwa Bayerische Staatsbibliothek, inajambula tsamba ndi tsamba n'kuliika pa intaneti kuti aliyense aliwerenge kwaulere. Bukuli limadziwika ndi dzina lakuti Buxheimer Orgelbuch, kutanthauza buku la nyimbo za limba la ku Buxheim, ndipo m'kaundula wa laibulaleyo lili pa nambala Mus.ms. 3725. Linalembedwa cha pakati pa 1460 ndi 1470, lili ndi nyimbo zoposa 250, ndipo mwa mabuku onse a nyimbo za limba a m'zaka za m'ma 1400 amene anapulumuka mpaka lero, palibe lina lokula kufika pamenepa. Ndikulemba ndemangayi monga munthu amene amaimba limba komanso amawerenga manotsi, choncho chimene ndinkafuna kudziwa kuyambira pachiyambi n'chakuti zithunzi zaulerezi zingam'fikitse pati munthu wofuna kuimba nyimbozi ndi zala zake, ndiponso kuti zimam'siya pati.

Za kagwiridwe ntchito ka chithandizochi sindichulutsa mawu, chifukwa n'chosavuta. Nthambi ya laibulaleyo yojambula mabuku, yotchedwa Münchener DigitalisierungsZentrum, inayamba ntchito mu 1997, ndipo luso la zaka zonsezo likuoneka. Munthu safunika kulembetsa dzina kapena kulipira kanthu kuti aone masambawo. Angathe kukulitsa chithunzi mpaka kadontho ka inki kataoneka bwinobwino, angathenso kutsitsira bukulo pa kompyuta yake kuti aziliwerenga ngakhale pamene intaneti palibe. Zithunzizo n'zowala mokwanira ndiponso n'zosapotoka, moti munthu amaona pamene cholembera chinali chitangoviikidwa mu inki ndi pamene chinayamba kuuma, amaonanso pamene dzanja la mlembi wamkulu, amene analemba gawo lalikulu la bukuli mwaukhondo ndi mwadongosolo, linalekezera n'kusiyira alembi ena angapo amene anawonjezera nyimbo zawo cha kumapeto. Ndi zithunzi zolemera ndithu, ndipo pa foni yam'manja tizizindikiro tating'ono timasowa, kotero ndimalangiza kuti munthu azionera pa sikirini yaikulu kapena asindikize papepala masamba amene akufuna kuphunzira.

Dzina la bukuli limasocheretsa anthu ambiri, ndipo ndi bwino kuliwongola msanga. Buxheim ndi mudzi wa pafupi ndi mzinda wa Memmingen kum'mwera kwa Germany, kumene kuyambira mu 1402 kunali nyumba ya amonke a chipani cha Carthusian. Amonke amenewa amadziwika ndi moyo wokhala chete, ndipo mwambo wawo wa mapemphero sunkalola limba kapena choimbira china chilichonse, motero n'zovuta kukhulupirira kuti bukuli linalembedwa kuti lizigwiritsidwa ntchito m'tchalitchi chawo. Iwo anangolisunga pakati pa mabuku awo ochuluka. Nyumbayo italandidwa m'manja mwa amonke kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, katundu wake anadzakhala wa banja la Waldbott von Bassenheim, ndipo mu 1883, banjalo litamira m'ngongole, mabuku anagulitsidwa pa okushoni. Ndi pa nthawi imeneyo pamene buku la limbali linapita ku Munich. Mipando yosemedwa mwaluso ya m'tchalitchi cha amonkewo, ntchito ya Ignaz Waibl, inagulitsidwanso nthawi yomweyo n'kukathera ku England, ndipo inabwerera kwawo mu 1980 mokha. Ndikaganiza mmene mabuku ena a ku Buxheim anamwazikira m'maiko osiyanasiyana, ndimaona kuti linali dalitso lalikulu kuti ili linagwera m'manja mwa laibulale ya boma. Za kumene linalembedwera akatswiri amasiyana maganizo: ena amaloza ku Munich komweko, pamene ena, poona kalembedwe ka mawu a Chijeremani m'mitu ya nyimbo, amaloza chakum'mwera chakumadzulo, kufupi ndi nyanja ya Constance ndi dziko la Switzerland.

Munthu akatsegula tsamba koyamba amadabwa, chifukwa zimene akuona si manotsi a masiku ano, komanso si zachilendo kotheratu. Pamwamba pali mizere yopingasa, kawirikawiri isanu ndi iwiri m'malo mwa isanu imene tinazolowera, ndipo pamizerepo pali manotsi akuda a mawu apamwamba, amene dzanja lamanja limaimba. Pansi pa mizereyo palibe manotsi, koma pali zilembo zondandalikidwa m'mizera iwiri, nthawi zina umodzi kapena itatu, ndipo zilembozo ndi maina a makiyi oyenera kudinidwa: c, d, e, f, g, a, kenaka b ndi h. Mzera umodzi ndi wa tenala, pamene pagona nyimbo yeniyeni, ndipo winawo ndi wa mawu odzazitsa amene ankatchedwa contratenor, amene amadumphadumpha pamwamba ndi pansi pa tenalayo. Pamwamba pa chilembo chilichonse pali kadontho kapena kandodo kosonyeza kutalika kwa notsi, ndipo kamzere kopingasa kamasonyeza kuti kiyi yofunika ndi ya m'chigawo chapamwamba. Kalembedwe kameneka, kosakaniza manotsi ndi zilembo, ndi kamene akatswiri amati tabulecha yakale ya ku Germany. Woyamba kumene ayenera kukumbukira kuti kwa Ajeremani chilembo h ndi kiyi imene ena amaitcha B, pamene b ndi kiyi yomweyo yotsitsidwa pang'ono, imene oimba amati fulati. Mwambo umenewu ulipobe ku Germany mpaka lero.

Pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene chinandiphunzitsa kufunika kwa zithunzi zokulitsika, ndipo ndichifotokoza mwatsatanetsatane. Pa manotsi ena a dzanja lamanja pamakhala kamchira kolozera pansi. Masiku oyambirira ndinkakaona ngati ndodo wamba ya notsi, monga mmene m'manotsi amakono ndodo imatha kuloza m'mwamba kapena pansi popanda kusintha tanthauzo, ndipo ndinkadabwa kuti mathero a ziganizo za nyimbo ankamveka ouma, ngati munthu amene wasiya chiganizo pakati. Nditakulitsa chithunzi ndinaona kuti timichirato tili pamitundu iwiri. Kena n'kodulidwa ndi kamzere kopendekeka, ndipo kameneko kamatanthauza kuti notsiyo ikwezedwe kapena itsitsidwe pang'ono, mwachitsanzo f akakwezedwa amatchedwa fis, ndipo c amatchedwa cis. Kena kamathera m'kalupu kakang'ono, ndipo kameneko ndi chizindikiro cha kunjenjemeretsa notsi, kokometsera kumene ankakutcha mordent. Hans Buchner, woimba limba wa ku Constance amene analemba malangizo ake patapita zaka zoposa 50, anafotokoza kuti chala chimodzi chimagwirabe notsi yolembedwayo pamene china chikugunda mofulumira kiyi yoyandikana nayo yam'munsi. Nditayamba kusiyanitsa timichira tiwiriti, mathero aja anatseguka n'kuyamba kukoma. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa tsamba la bukuli mawuwa ndi oona kwenikweni, pakuti kusiyana kwa nyimbo yamoyo ndi yakufa kwagona pa kamzere kosafika ngakhale kukula kwa njere ya mpunga.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Anthu akamva kuti nyimbo zambiri za m'bukuli zilibe dzina la wopeka, amaganiza kuti mainawo anatayika, ngati kuti pali tsamba limene linang'ambika. Zithunzizi zinandisonyeza kuti si choncho. Bukuli si nkhokwe ya nyimbo zomalizidwa za anthu otchuka; ndi kaundula wa luso limene linkaphunzitsidwa kuchokera ku dzanja kupita ku dzanja, luso lotenga nyimbo imene aliyense ankaidziwa n'kuiveka zokometsera pomwepo, uku ukuimba. Umboni wake ndi magawo aakulu a bukuli otchedwa Fundamentum organisandi, kutanthauza maziko a kaimbidwe ka limba. M'magawo amenewa mulibe nyimbo zoti munthu angaimbire anthu, muli zitsanzo zophunzirira. Tenala imakwera sitepe imodziimodzi, ndipo pamwamba pake alembapo zimene dzanja lamanja lingachite. Kenaka imatsika sitepe imodziimodzi. Kenaka imakwera modumpha kiyi imodzi, kenaka modumpha ziwiri, mpaka njira zonse zimene tenala ingayendere zitatha. Palinso zitsanzo za pamene tenala yaima, ndi za mmene chiganizo chimatsekedwera. Wophunzira akaloweza zonsezi, ankatha kupatsidwa nyimbo iliyonse ya kwaya kapena ya m'misewu n'kuiimba mokometsera popanda kulemba kanthu, mofanana ndi mmisiri amene waphunzira mfundo zonse za kuluka ndipo angaluke chilichonse chimene wapemphedwa.

Mwini wa maphunziro amenewa ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene dzina lawo likupezeka m'bukuli, ngakhale kuti nthawi zambiri limangolembedwa mwachidule ndi zilembo zoyambirira. Iyeyu ndi Conrad Paumann, amene anabadwa wosaona mumzinda wa Nuremberg cha m'ma 1410. Pofika mu 1446 anali woimba limba wa tchalitchi cha St Sebald, chaka chotsatira anasankhidwa kukhala woimba limba wa mzinda wonse, ndipo mu 1450 anasamukira ku Munich kukatumikira Albrecht III, wolamulira wa Bavaria. Mu 1470 anayenda ulendo wa ku Italy, kumene anthu a ku Mantua anazizwa naye kwambiri, ndipo anamwalira ku Munich pa 24 January 1473. Mwala wa chikumbutso chake ulipobe m'tchalitchi cha Frauenkirche, ndipo pamwalapo anamusema atanyamula kalimba kakang'ono pamwendo, atazunguliridwa ndi zoimbira zina za zingwe ndi chitoliro. Popeza sankaona, sakanatha kulemba yekha ngakhale notsi imodzi. Zonse zimene tili nazo zinadutsa m'makutu ndi m'manja mwa ophunzira ake, ndipo n'chifukwa chake maziko ake akupezeka m'mitundu ingapo yosiyana pang'ono: mtundu wa chaka cha 1452 uli m'buku lotchedwa Lochamer-Liederbuch limene likusungidwa ku Berlin, ndipo ina ili m'buku la ku Buxheim lomweli. Ndikamayang'ana masamba amenewa sindiona wopeka mmodzi atakhala patebulo, ndimaona chipinda chophunzirira, mphunzitsi akuimba, wophunzira akuyesa kugwira ndi cholembera zimene zala zachita.

Ndikayerekezera gawo la maziko ndi nyimbo zenizeni, zimene zithunzi zimalola mosavuta chifukwa munthu angathe kutsegula masamba awiri pambali ndi pambali, ndimapeza tizidutswa tomweto tikubwerabwera. Pali kagulu ka manotsi anayi ofulumira kozungulira notsi imodzi, kamene kamatsegula nyimbo zambirimbiri tenala isanalowe, ndipo munthu akakaimba kokwanira zala zimayamba kukachita zokha. Nyimbo zochuluka m'bukuli ndi za chikondi ndi za kusungulumwa, zotengedwa kwa opeka otchuka a ku Burgundy, France, England ndi Italy, monga Guillaume Du Fay, Gilles Binchois, John Dunstaple, Walter Frye ndi Johannes Ciconia, pamodzi ndi nyimbo zambiri za Chijeremani. Koma mlembi kawirikawiri sanatchule maina awo, ndipo mitu ya Chifalansa anailemba monga mmene khutu la Mjeremani linaimvera. Nyimbo ya Binchois yoyamba ndi mawu akuti Je loe amours inasanduka liwu limodzi lakuti Jeloymors. Kwa ine zimenezi si umbuli wa mlembi, koma chizindikiro chakuti nyimbozo zinafika kwa iye kudzera m'kumva, zitayenda kale mtunda wautali pakamwa ndi pa zala za anthu. Nyimbo imodzi imatha kupezeka katatu, kanayi kapena koposa, tenala ili yomweyo koma zovala zake zosiyana, kwina zopepuka, kwina zothithikana moti nyimbo yoyambayo imabisika pansi ngati mwala m'madzi othamanga. Kuimba mitundu yoteroyo motsatizana ndi phunziro limene sindinalipeze kwina kulikonse.

Pamutu wa mtundu wina wa Jeloymors pali mawu a Chilatini akuti In Cytaris vel etiam In Organis, osonyeza kuti nyimboyo ingaimbidwe pa choimbira cha zingwe kapenanso pa limba. Mawu ochepawa amamasula munthu ku maganizo akuti zonse za m'bukuli zimafuna limba lalikulu la m'tchalitchi. Nthawi imeneyo kunali kalimba konyamula pamwendo, kamene woimba ankapopa mvukuto wake ndi dzanja lamanzere uku akuimba ndi lamanja. Kunali limba lapakati loikidwa pansi kapena patebulo, longa limene mngelo akuimba pa chithunzi cha paguwa cha ku Ghent chimene Jan van Eyck anamaliza mu 1432. Kunalinso zoimbira za makiyi zokhala ndi zingwe, zimene anthu ankaphunzirira m'nyumba popanda kufuna munthu wopopa mphepo. Nyimbo zachikondi zija ziyenera kuti zinkamveka kwambiri m'zipinda za anthu olemera kusiyana ndi m'tchalitchi.

Za m'tchalitchi zilimonso, pafupifupi 50, monga Kyrie, Gloria, Magnificat ndi Salve regina, ndipo zinkaimbidwa mosinthana: kwaya imaimba ndime imodzi, limba n'kuyankha ndime yotsatira m'malo mwa mawu. Amene akufuna kuzimvetsa ayenera kupeza nyimbo ya kwaya yoyenderana nazo n'kuimba ndime zosowazo ndi pakamwa, apo ayi amangomva theka la zokambirana. Palinso tinyimbo totsegulira, timene sitinatsamire pa nyimbo ina iliyonse, ndipo timasinthanitsa mawu ogwirana oima nji ndi kuthamanga kwa dzanja lamanja kopanda malire. Koma zimene zinandigwira mtima koposa ndi zotchedwa redeuntes, kumene tenala imangobwereza notsi imodzi yomweyo mobwerezabwereza ngati belu la tchalitchi, pamene mawu apamwamba akuzungulira, akukwera, akutsika, osachoka kutali ndi belulo. Papepala zimaoneka zosauka kwambiri, mzera wathunthu wa chilembo chimodzi cholembedwa kambirimbiri. Pa limba, makamaka notsi yobwerezedwayo ikaikidwa ku makiyi a kumapazi, zimene bukuli limatchula m'malo ena, chipinda chonse chimadzaza ndi bata lolemera limene ndimavutika kulisiya.

Ndinene mosapsatira kuti si nyimbo zonse 250 zimene zili zokoma. Zina ndi ntchito ya wophunzira amene waloweza tizidutswa koma sanadziwe nthawi yopumira, ndipo munthu akaimba khumi zotere motsatizana khutu limatopa. M'malo ena mawu a contratenor amagundana ndi apamwamba mwanjira imene singakhale dala, ndipo pamafunika kulingalira ngati mlembi analemba chilembo cholakwika kapena anaiwala kamzere ka chigawo chapamwamba. Apa ndi pamene chithunzi chimaposa buku losindikizidwa, chifukwa mkonzi wa buku losindikizidwa amakhala atasankha kale m'malo mwanu, pamene chithunzi chimakuonetsani vutolo mmene lilili n'kukusiyirani chiweruzo.

Komabe ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene chithandizochi chimalekezera. Laibulale yapereka tsamba, sinapereke mphunzitsi. Munthu amene sanaphunzirepo kalembedwe ka nthawi ka m'zaka za m'ma 1400, kumene notsi imodzi imatha kugawidwa patatu kapena pawiri malinga ndi malo ake, sangayambe ndi zithunzizi zokha. Mitu ndi malangizo zili m'Chilatini ndi m'Chijeremani chakale, zolembedwa mofupikitsa ndi tizizindikiro ta alembi a nthawiyo. Choncho pambali pa zithunzi pamafunika buku limene linamasulira nyimbozi m'manotsi amakono, ndipo lodziwika kwambiri ndi la Bertha Antonia Wallner, limene kampani ya Bärenreiter ya ku Kassel inasindikiza m'magawo atatu mu 1958 ndi 1959, monga mabuku a nambala 37, 38 ndi 39 a mndandanda wa Das Erbe deutscher Musik, Wallner atamwalira kale mu 1956. Manambala a nyimbo amene oimba ndi olemba amagwiritsa ntchito masiku ano ndi a m'buku limeneli, ndipo sali ofanana ndi manambala a masamba a buku lakalelo, amenenso sali ofanana ndi manambala a zithunzi, pakuti wojambula amawerengera chikuto ndi masamba opanda kanthu. Ine ndinadzilembera kandandanda kanga kolumikiza manambala atatuwa pa nyimbo zimene ndimaphunzira, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi kuyambira tsiku loyamba. Amene akufuna kufufuza mozama adzapindulanso ndi kafukufuku wa Eileen Southern wa mu 1963, amene analondola magwero a nyimbo zambiri za m'bukuli. Chinanso chimene chithunzi sichingapereke ndi thupi la bukulo: kukula kwake m'manja, kukhuthala kwa pepala, ndi zidindo za opanga mapepala zimene zimaoneka pokhapokha tsamba litayang'anitsidwa ku kuwala, zomwe akatswiri amadalira pofufuza zaka ndi malo.

Chosowa chachikulu koposa ndi phokoso lenilenilo. Malimba aakulu a nthawi imeneyo ambiri analibe njira yosankhira magulu a mipope monga mmene timachitira lero. Munthu akadina kiyi imodzi, mipope yonse ya kiyiyo inkalira pamodzi, ndipo mawu ake anali owala ndi olasa, osati ofewa ngati a malimba a m'zaka za m'ma 1800. Ochepa kwambiri atsala oti n'kuimbidwa. Lina lili m'tchalitchi cha Valère pamwamba pa phiri mumzinda wa Sion ku Switzerland, lomangidwa cha m'ma 1435 ndipo lopachikidwa pakhoma ngati chisa cha namzeze, ngakhale kuti linawonjezeredwa mu 1687. Lina lili m'mudzi wa Rysum kumpoto kwa Germany, ndipo mbiri yakale ya m'deralo imanena kuti mu 1457 anthu a m'mudzimo analipira mmisiri wa ku Groningen ndi ng'ombe zonenepa. Ndikulimbikitsa kuti munthu amvetsere zimbale zojambulidwa pa malimba amenewa asanayambe kuimba, kuti khutu lidziwe kumene likupita.

Pali nkhani inanso ya kachunidwe, imene poyamba ndinkaiona ngati ya akatswiri okha. Malimba ndi makiyibodi a masiku ano amachunidwa mogawa masitepe onse mofanana, pamene m'zaka za m'ma 1400 ambiri ankatsata njira yotchedwa ya Pythagoras, imene imayeretsa kotheratu mtunda wa do ndi so, koma n'kusiya mtunda wa do ndi mi wotambasuka ndi wosakhazikika. Henri Arnaut de Zwolle, sing'anga ndiponso katswiri wa nyenyezi wa kunyumba yachifumu ya Burgundy, analemba cha m'ma 1440 mmene zoimbira za makiyi zinkapangidwira, ndipo m'kachunidwe kamene anafotokoza, mtunda umodzi woipa umene sungapeweke anauika pakati pa h ndi fis. Zotsatira zake n'zakuti d ndi fis, a ndi cis, komanso e ndi gis zimagwirizana mokoma modabwitsa. Kiyibodi yamagetsi imene ndimaphunzirira ili ndi mwayi wosintha kachunidwe, monga zilili ndi zambiri za masiku ano, ndipo tsiku limene ndinaichuna motere ndinamva chifukwa chake nyimbo zambiri za m'bukuli zimaima kaye pa mawu okhala ndi cis kapena gis zisanatsekere pa mawu oyera opanda mi. Kamchira kodulidwa kaja, kamene ndinkakanyalanyaza poyamba, kanapezeka kuti ndi kamene kamaloza malo okoma kwambiri pa limba lonse.

Poyerekezera ndi mabuku ena a mtundu wake, la ku Buxheim ndi lokhalo limene lingadyetse woimba kwa zaka. Zidutswa za ku Robertsbridge za cha m'ma 1360, zimene zili ku British Library ku London ndipo zimatengedwa kuti ndi nyimbo za makiyi zakale koposa zonse zimene zatsala, ndi masamba awiri okha. Buku la ku Faenza ku Italy, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, lili ndi nyimbo zokongola zothamanga kwambiri koma za mawu awiri, ndipo kabuku ka Adam Ileborgh wa ku Stendal ka mu 1448 kali ndi nyimbo zosakwana khumi. Onsewa ndi ofunika, koma ndi la ku Buxheim limene limaika pamodzi maphunziro, zitsanzo ndi nyimbo zomalizidwa m'chikuto chimodzi, moti munthu angathe kutsata njira yonse kuchokera pa sitepe yoyamba ya wophunzira mpaka pa ntchito ya mmisiri.

Kwa munthu amene amangofuna kumvetsera, zithunzizi zidzakhala zokongola kuziona kwa mphindi zochepa basi, ndipo ndi bwino kuti ayambe ndi chimbale. Kwa woimba limba kapena piyano amene amawerenga manotsi, kwa mphunzitsi wa nyimbo, ndi kwa aliyense amene amaimba za m'mutu ndipo akufuna kuona mmene anzake a zaka zoposa 550 zapitazo ankaphunzirira luso lomwelo, ndikuchivomereza chithandizochi ndi mtima wonse, malinga akhale ndi buku la Wallner pambali kwa miyezi yoyambirira. Njira imene inandithandiza ine ndi iyi. Ndinayamba ndi kanyimbo kotsegulira kamodzi kakafupi, ndinakakopera ndi pensulo m'manotsi amakono ndisanayang'ane mmene Wallner anakamasulira, kenaka ndinayerekezera ziwirizo n'kubwerera ku chithunzi paliponse pamene tinasiyana. Nditachita zimenezi ndi nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndinasiya kukopera n'kuyamba kuimba molunjika kuchokera pa tsamba losindikizidwa la chithunzicho, dzanja lamanja likutsata manotsi, lamanzere likutsata zilembo. Pakali pano ndili pa gawo la maziko la kutsika kwa tenala sitepe imodziimodzi, ndipo madzulo alionse ndimasankha chitsanzo chimodzi, ndimachiimba mpaka zala zitachigwira, kenaka ndimatseka tsambalo n'kuyesa kuchiika pamwamba pa tenala ya Salve regina.